CHIFUKWA CHACHE NYUMBA ZA MALATA ZIZIZIRA MU JUNE NDI KUTENTHA MU OCTOBER

Mwezi wa June ukafika, pa masukulu ena a ku Dedza, ku Ntcheu, ku Mzimba ndi kumapiri a Thyolo pamaoneka chinthu chimene mlendo angadabwe nacho. Belu la m'mawa likalira ana salowa m'kalasi, koma mphunzitsi amawatsogolera ku khoma loyang'ana kum'mawa, nawaphunzitsira pa dzuwa kufikira kunja kutafunda. Chipinda chimene Boma ndi makolo anachimanga ndi ndalama zambiri chimatsala chopanda munthu, pakuti m'kati mwache simusiyana ndi pabwalo, ndipo pabwalo pali dzuwa. October akafika ana omwewo amaturukanso, tsopano kunka pansi pa mtengo wa mango, chifukwa chipinda chija chasanduka ng'anjo.

Ambiri amayesa kuti awa ndi mabvuto awiri, lina la chisanu, lina la chilimwe. Koma ndi bvuto limodzi, ndipo likhala pamwamba pa mitu ya anawo: denga la malata lopanda siling'i. Nkhaniyi ikhudza aphunzitsi ndi anchito a Boma kawiri, pakuti iwo ndiwo amagona m'nyumba zotere, ndiponso ena mwa iwo ndiwo amabvomereza mapulani ndi ndalama zomangira.

KUZIZIRA SIKULOWA, KUTENTHA NDIKO KUTURUKA

Mayi akauza mwana kuti atseke chitseko chifukwa kuzizira kukulowa, mwanayo achita bwino kumvera. Koma womanga nyumba ayenera kuwatembenuza mau amenewa. Kuzizira si chinthu pachokha ai. Ndiko kusowa kwa kutentha, monga mdima uli kusowa kwa kuwala. Choyenda ndi kutentha, ndipo kumayenda njira imodzi yokha, kuchoka pofunda kunka pozizira. Usiku wa June kumathawa m'nyumba kunka kunja. Masana a October kumachoka pa denga kulowa m'nyumba. Katswiri wa masamu wa ku France, Joseph Fourier, analongosola lamulo lache m'buku limene anasindikiza mu 1822. Kutentha kodutsa m'khoma kumachuruka khomalo likakhala lalikuru, kumachurukanso kusiyana kwa m'kati ndi kunja kukakula, koma kumachepa khomalo likakhala lochindikala kapena lomangidwa ndi chinthu chosalola kutentha kudutsa msanga.

Ali yense amene anaphikapo phala adziwa mbali yotsirizayi. Supuni yachitsulo ikasiyidwa mu mphika, posachedwa chogwirira chache chiotcha dzanja, pamene mthiko ungathe kukhalamo kufikira phala litapsya, osaotcha munthu. Kutentha kunayenda m'kati mwa chitsulocho. Njira yachiwiri ndiyo ya mpweya: mpweya ukafunda umapepuka nukwera, monga utsi wa m'khitchini ufuna-funa pobowoka pa tsindwi, ndipo wozizira umalowa pansi pa chitseko kudzatenga malo ache. Njira yachitatu siisowa chitsulo kapena mpweya. Munthu woothera moto amamva kutentha kumaso pamene msana uzizidwa, ndipo wina akaima pakati pa iye ndi motowo kutenthako kumaduka pomwepo. Dzuwa limatenthetsa dziko mwa njira yomweyi.

Akatswiri anayesa zinthu zomangira nyumba kuti aone changu chimene kutentha kudutsira m'menemo. Mpweya wosayenda ukapatsidwa nambala 1, thabwa louma lipeza pafupi-fupi 5, madzi 23, njerwa yootcha pakati pa 25 ndi 30, konkire kuposa 50, ndipo chitsulo pafupi-fupi 2,000. Manambalawa aonetsa chinthu chodabwitsa, kuti pa zinthu zopezeka pali ponse chotchinga kutentha choposa zonse ndicho chosagulidwa, mpweya, pokha-pokha utagwidwa kuti usayende. Benjamin Thompson, amene anadziwika ndi dzina lakuti Count Rumford, pofufuza zobvala zoyenera asilikali a ku Bavaria, analemba mu 1792 kuti ubweya ndi nthenga zimafunditsa chifukwa cha mpweya wokodwa m'kati mwache. Nkhuku yofutukula nthenga m'mawa wa chisanu ikuchita zomwezo. Bulangete silipanga kutentha kuli konse. Lingochedwetsa kutentha kwa thupi kuti kusathawe. Chifukwa chache bulangete lonyowa silifunditsa, popeza madzi alanda malo a mpweya. Khoma lonyowa nalonso litaya kutentha kuposa louma.

Tsindwi la udzu lofoleredwa bwino, lochindikala masentimita 20 kapena 30, ndi bulangete la nyumba, pakuti phesi liri lonse la udzu ndi kampope kodzala mpweya. Okalamba amene amati nyumba ya udzu ifunda mu June nizizira mu October sakunama.

MALATA

Malata anayamba ku England. Henry Robinson Palmer, injiniya wa pa doko la London, analembetsa luso lopinda chitsulo m'mizere mu 1829, ndipo anawafunira nyumba zosungiramo katundu. Mu 1837 Stanislas Sorel wa ku France analembetsa njira yokuta chitsulo ndi zinki kuti chisachite dzimbiri msanga. Kuyambira pamenepo malata anafalikira m'maiko onse, napezeka pa masitolo, pa machalichi ndi pa maofesi a Boma. Sanafalikire pachabe. Sapsya ndi kamoto kouluka, chiswe sichiwadya, sasowa kufolera chaka ndi chaka, ndipo madzi a mvula otsika pamenepo angathe kutungidwa. M'madera amene udzu wofolera ukusowa chifukwa minda yatenga madambo, munthu wouza anthu kuti abwerere ku udzu sangapeze womumvera. Pamene maphunziro a pulayimale anakhala aulere mu 1994, ana anachuruka kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika pa 3 miliyoni kapena kupitirira pang'ono, ndipo palibe denga lina limene likanatha kufikitsidwa msanga ku masukulu a kumidzi. Pamenenso Boma linayamba kuthandiza anthu osauka kupeza malata ndi simenti motsika mtengo mu 2014, linayankha chinthu chimene anthu anali kuchifunadi.

Komatu lata lopezeka m'masitolo silifika ngakhale theka la milimita kuchindikala kwache, ndipo ndi lachitsulo. Mvula lithana nayo. Kutentha silikutchinga konse.

Omanga nyumba ali ndi muyeso umene amautcha U-value. Umanena mawati a kutentha odutsa pa malo a mita imodzi mulitali ndi mita imodzi mulifupi, pamene m'kati ndi kunja musiyana ndi digiri imodzi. Nambalayi ikachepa ndiye kuti nyumba isunga bwino. Khoma la njerwa la masentimita 23 liri ndi pafupi-fupi 2. Galasi la pa zenera liri ndi pafupi-fupi 6. Lata lokha liri ndi pafupi-fupi 7, kutanthauza kuti denga lonse la nyumba yotere litaya kutentha kuposa galasi la zenera.

Aphunzitsi a masamu angapereke samu iyi kwa ana a Sitandade 8. Chipinda chikhale cha mamita 8 mulitali ndi 7 mulifupi. Denga lache ndi masikweya mita 56. M'kati mufunike madigiri 18, umene uli muyeso wotsika umene bungwe la World Health Organization linalangiza mu 2018 pa nyumba zokhalamo anthu m'nyengo yozizira, ndipo kunja kukhale madigiri 8, monga zimachitika m'mawa wa June kumapiri. Kusiyana ndi 10. Kuchurukitsa 7 ndi 56 ndi 10 kupereka mawati 3,920, ndiwo mphamvu ya mbaula zamagetsi zinayi za mawati 1,000. Munthu wamkuru wongokhala chete amaturutsa kutentha kwa mawati pafupi-fupi 100, mwana kucheperapo. Chotero kutentha konse kwa m'matupi a ana 50 kapena 60 kuthera pa denga pokha, makoma, mazenera ndi chitseko zisanawerengedwe.

Tsopano pansi pa malatawo pakhomedwe siling'i ya mabolodi wamba. Nambala ija itsika kufika pa 3 kapena kucheperapo, ndipo otayika akhala mawati osapitirira 1,700. Bolodi lokha ndi lopyapyala, ndipo si ndilo lagwira nchito yaikuruyo. Yagwiridwa ndi mpweya wotsekeredwa pakati pa bolodi ndi malata, ndiponso siling'iyo yaletsa mpweya wofunda kukakhudza chitsulo ndi kuturukira m'mipata ya m'mbali. Pamwamba pa siling'i pakayalidwa ubweya wagalasi wochindikala masentimita 10, nambalayo itsika pansi pa 0.4, ndipo otayika safika mawati 250. Ana asanu akwanira kubweza amenewo.

Pali chinanso chimene samuyi siinena. Usiku wopanda mitambo, monga usiku wambiri wa June ndi July ukhalira, lata limaponya kutentha kwache kuthambo mwa njira yachitatu ija, nizizira kuposa mpweya wa pabwalo. Chinyontho cha m'mpweya wa anthu ogona chikakhudza chitsulo chozizira chotero chimasanduka madzi, ndipo m'banda kucha madontho amagwera pa zopfunda ndi pa mabuku. Eni nyumba amati malata akudontha, nakwera kukafuna pobowoka, osapapeza. Madziwo sanachokere kumwamba, anachokera m'mapapo a eni nyumbawo.

Masana a October zonsezi zimatembenuka. Dzuwa la pamutu, kumwamba kopanda mtambo, limagwetsa mawati pafupi-fupi 1,000 pa sikweya mita iri yonse. Pa chipinda chija ndiye mawati 56,000. Lata lakuda kapena la dzimbiri limamwa mbali yaikuru ya amenewa, nitentha kupitirira madigiri 60. Mwana wokhala pansi pache ali ngati woothera moto woyaka pamwamba pa mutu, ndipo kutsegula mazenera sikumthandiza kweni-kweni, pakuti mphepo siichotsa kutentha kwa mtundu umenewu. Chokuduka ndi chinthu choima pakati, ndiyo siling'i yomweyo. Mphunzitsi woona ana akuodzera pa ola la 12 asafulumire kuwatcha aulesi.

ZIMENE ANACHITA ENA

Maiko ozizira anaika nkhaniyi m'malamulo kalekale. Ku England malamulo a kamangidwe a 1965 anaika malire a kutentha kololedwa kutayika pa denga ndi m'makoma, ndipo atakwera mtengo mafuta mu 1973 malirewo anakhwimitsidwa mu 1976. Koma chitsanzo choyenera kuno chiri pafupi. Ku South Africa, kuyambira 1994, Boma linamangira anthu osauka nyumba zambiri-mbiri, ndipo pofuna kuti ndalama zifikire mabanja ochuruka, zambiri zinamangidwa zopanda siling'i. Anthu anapeza nyumba, koma m'nyengo ya chisanu anali kuotha parafini m'zipinda zonyowa makoma. Pa malo otchedwa Kuyasa, ku Khayelitsha mu mzinda wa Cape Town, panachitika nchito yobwerera ku nyumba zoposa 2,300 kukaikamo siling'i zotchinga kutentha, pamodzi ndi zotenthetsa madzi za dzuwa ndi mababu osadya magetsi. Nchitoyo inatamandidwa m'maiko ambiri, komabe munthu wowerenga ndalama aona kuti kutumiza amisiri kawiri pa nyumba imodzi sikungachepe mtengo kuposa kuwatumiza kamodzi. Mu 2011 dzikolo linakhazikitsa lamulo lotchedwa SANS 10400-XA, lofuna kuti denga la nyumba yatsopano likhale ndi chotchinga kutentha.

Siling'i iri ndi phindu lina limene a zaumoyo alidziwa. Udzudzu wofalitsa malungo umakonda kulowa pa mpata wa pakati pa khoma ndi denga. Ofufuza a ku Gambia, m'zimene anasindikiza mu 2003, anaonetsa kuti siling'i, ngakhale ya ukonde, imachepetsa kwambiri udzudzu wolowa m'chipinda. Ndipo aphunzitsi sasowa wowauza mmene mvula ya January imaletsera phunziro ikayamba kuomba ng'oma pa malata.

MAKOMA, NDI KUSIYANA KWA DEDZA NDI NSANJE

Khoma lochindikala la zidina kapena la mdindo ligwira nchito mwa njira ina, imene ambiri amaisokoneza ndi ya bulangete. Dothi silitchinga kutentha bwino kwambiri, koma limakusunga. Masana limamwa kutentha kwa dzuwa pang'ono-pang'ono, ndipo kumafika m'kati patapita maora 6 kapena kuposa, dzuwa litalowa kale. Kumapiri, kumene masana afunda ndi usiku uzizira, ichi ndi chuma. Malamulo a 2018 oletsa njerwa zootcha ndi nkhuni pa zomanga za Boma anaikidwa pofuna kupulumutsa mitengo, ndipo abweretsa mabuloko a simenti ndi njerwa za dothi losakaniza ndi simenti. Mabowo a m'buloko amathandiza pang'ono, koma kutentha kumawalambalala kudzera m'timizati ta konkire tolumikiza mbali ziwirizo, monga munthu aoloka mtsinje pa mlatho. Mafelemu achitsulo a mazenera ndi milatho yotero.

Munthu akakwera mamita 1,000, mpweya umatsika ndi madigiri pafupi-fupi 6. Tauni ya Dedza iri pa mamita pafupi-fupi 1,600 pamwamba pa nyanja ya mchere, pamene Nsanje safika mamita 100. Kukwera kokhako kusiyanitsa malo awiriwa ndi madigiri 9 kapena 10. Pa Nyika udzu umachita chisanu choyera mu June ndi July. Ku Chigwa cha Shire mu October ndi November kutentha kumapitirira madigiri 40. Pulani imodzi ya sukulu yotumizidwa konse-konse siingakomere onsewa.

Ku Dedza, ndi ku Mulanje ndi Thyolo kumene chiperoni chimabweretsa nkhungu ndi mawawa kuchokera ku mapiri a ku Mozambique, chofunika ndi siling'i yotseka bwino, zitseko zosasiya mpata pansi, galasi m'malo mwa mabowo a njerwa a pa zenera, ndi kuti dzuwa la m'mawa lipeze polowera. Ku Nsanje ndi ku Chikwawa, kumene usiku nawonso utentha, khoma lochindikala lowombedwa ndi dzuwa la madzulo limasanduka mdani, pakuti limaturutsira ogona kutentha kwache pakati pa usiku. Kumeneko kufunika khonde lalikuru lophimba makoma, mitengo kumadzulo kwa nyumba, mazenera oyang'anizana, ndi mipata yotchinga ndi waya wa sefa yoti mpweya wotentha wa pamwamba pa siling'i uziturukirapo. Omanga Mandala House ku Blantyre mu 1882 anadziwa nchito ya khonde, ndipo anazunguliza nalo nyumbayo. Penti yoyera pa malata ibweza magawo pafupi-fupi 7 mwa 10 a dzuwa ikakhala yatsopano. Pepala lonyezimira la aluminiyamu loyalidwa pansi pa malata lithandizanso, koma pokha-pokha mbali yache yonyezimira itayang'ana mpata wa mpweya. Likapanikizidwa pakati pa zinthu ziwiri, kapena likadzala fumbi, ndalama zatayika.

CHENJEZO LA MBAULA

Munthu wozizidwa m'nyumba ya malata amachita zinthu ziwiri: amatseka timipata tonse ndi nsanza, nalowetsa mbaula ya makala kuchipinda. Zinthu ziwirizi zikakumana zimapha. Makala oyaka pochepa mpweya amaturutsa mpweya wa poizoni wotchedwa carbon monoxide, umene ulibe fungo kapena mtundu, ndipo umamatirira ku magazi mwamphamvu kuposa mpweya wabwino koposa ka 200. Umayamba ndi mutu, chizungulire ndi tulo, ndipo wogona sadzuka kuti athawe. Makala ofiira opanda utsi, amene ambiri amawayesa abwino, nawonso amauturutsa. Alonda a pa maofesi ndi ana ogonera pa sukulu ndiwo ali pangozi yaikuru. Kutchinga kutentha sikutanthauza kutseka mpweya. Nyumba ya siling'i yabwino ingathe kusiya kazenera kotsegula nikhalabe yofunda, ndipo mbaula itsala kunja.

Ndalama zomangira zikaperewera, chinthu choyamba kufafanizidwa pa pepala la zogula kawiri-kawiri ndi siling'i, pakuti nyumba yopanda siling'i imaoneka yotha kwa munthu woiona ali pa mseu, ndipo pa tsiku lotsegulira palibe amene amayang'ana kumwamba. Pamene palibe kuchitira mwina, woyang'anira nchito aumirire chinthu chimodzi chosadya ndalama: mitanda ya pansi pa denga iikidwe molingana ndi motalikirana bwino, kuti siling'i idzakhomedwe chaka china popanda kuphwasula kanthu. Komiti ya sukulu yosowa mabolodi ingagwiritse nchito nsungwi, bango kapena mphasa, zimene ziduladi kutentha kwa malata masana ngakhale sizitseka mpweya ngati bolodi. Utuchi ndi mankhusu a mpunga zitchinga kutentha bwino, koma ziitana makoswe, chiswe ndi moto, ndipo siziyenera kuyandikira mawaya a magetsi. M'nyumba zakale, bolodi loganiziridwa kuti ndi la asbestos lisadulidwe kapena kubooledwa, chifukwa fumbi lache liononga mapapo. Mipata ya m'mbali itsekedwe ndi sefa tsiku lomwelo, kuti mileme isamangemo mudzi, ndipo pasiyidwe kachitseko kolowera wokonza.

Mphunzitsi wamkuru wofuna kuti pempho lache limveke ku ofesi ya maphunziro ya m'boma lache angabwereke mathemomita awiri ku chipinda cha sayansi cha sukulu ya sekondale yapafupi. Imodzi ipachikidwe m'kalasi ya malata okha, ina m'chipinda cha siling'i, zonse ziwiri pa msinkhu wa mutu wa mwana wokhala pansi, kutali ndi zenera. Ana a kalasi yaikuru alembe manambala pa 7 koloko m'mawa ndi pa 1 koloko masana, kwa sabata imodzi mu June ndi ina mu October, ndipo pepalalo liphatikizidwe ku kalata yopempha mabolodi.